Kusakaniza Mitundu ndi Chakuda ndi Choyera Pojambula Anthu

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:

Ndikupatseni moni inu a pa Mponela ndi pa Madisi, a ku Mvera ndi ku Kongwe, a pa Malomo, a kwa Nthondo ndi kwa Kasakula, osaiwala inu amene mukutimvera m'tsinde mwa phiri la Ntchisi. Nthawi yathu yophunzira luso lojambula zithunzi yakwananso.

Lero tikamba za chithunzi chimene chadzaza m'mafoni masiku ano. Munthu wajambulidwa chakuda ndi choyera, chija ambiri timangoti black and white, koma penapake pasiyidwa mtundu. Mkwatibwi yense ali mbuu, maluwa okha m'manja mwake ali psuu. Mnyamata watuwa kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, nsapato zokha zili biriwiri. Ena mumazikonda, ena mumati n'zachibwana. Tiyeni tione pamene kusakaniza kotereku kumakometsa chithunzi cha munthu ndi pamene kumachiononga.

Tisanapite patali, pisani m'thumba, kapena masulani mfundo ya pachitenje, mutulutse ndalama yapepala. Ikakhala K200 muona Mayi Rose Chibambo. Ikakhala K500 kapena K2,000 muona Mbusa John Chilembwe. Ikakhala K1,000 muona Dr Hastings Kamuzu Banda. Iyang'anitsitseni. Pepalalo lili ndi mitundu ingapo, koma nkhopeyo inalembedwa ndi timizere ta mtundu umodzi, pena tothithikana, pena totalikirana. Mitundu yazungulira m'mbali, koma maso anu agwera pankhope.

Amayi amene munavina m'masiku a mbumba mukukumbukiranso nsalu zija. Nkhope ya mtsogoleri nthawi zambiri inkakhala yakuda ndi yoyera m'kati mwa chozungulira, mitundu yowala n'kudzaza nsalu yonse. Nsalu zambiri zachikumbutso, za mipingo ndi za zipani zomwe, zatsata njira imeneyi. Choncho kusakaniza kumene tikukambaku si kwachilendo kwa ife. Takhala tikukuvala m'chiuno ndi kukusunga m'thumba. Chofunika kuona n'chakuti pandalama ndi pansalu pomwe, nkhope ndi yaikulu, ili pamalo aulemu, ndipo mitundu ikuitumikira. Gwirani mfundo imeneyi, tiyenda nayo mpaka kumapeto.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, ndipo kwa zaka zambiri kamera inkangodziwa kuda ndi kuyera basi. Pamene Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok ankakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere mu 1889, zithunzi zinali zidakali zotero. Mungo Murray Chisuse, amene ankasindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo amadziwika ngati Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa kamera, anajambula Chilembwe ndi banja lake kuukira kwa 1915 kusanachitike, ndipo zithunzi zakezo n'zakuda ndi zoyera. Njira yoyamba yojambula mitundu imene inagulitsidwa kwa anthu ambiri, ya Autochrome, inatuluka ku France mu 1907, ndipo filimu ya Kodachrome inabwera mu 1935. Koma kuti mitundu ifike kwa kameramani woyenda panjinga m'midzi yathu, panapita zaka zina makumi angapo.

Nanga ofuna mtundu ankatani? Ankachita kupaka ndi dzanja. Mmisiri ankatenga kaburashi kosongoka ndi utoto wosungunula kwambiri, n'kupaka pachithunzi chotsukatsuka kale: pang'ono pamasaya, pang'ono patayi, pang'ono pamaluwa a diresi. Ku Yokohama m'dziko la Japan, m'zaka za m'ma 1860, situdiyo ya Felice Beato inatchuka ndi zithunzi zopakidwa choncho. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, kunali amisiri amene ankatenga kachithunzi ka pachitupa ka bambo ndi ka mayi, n'kutikulitsa, n'kutiika pamodzi, kenaka n'kupopera utoto: bambo avekedwa suti, mayi diresi yoyera ndi velo. Banja limene silinaonepo kamera patsiku la ukwati linkapeza chithunzi cha ukwati chopachika pakhoma.

Abale athu ambiri anagwira ntchito kumigodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pamene boma linaimitsa maulendowo ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Ena anakagwira ntchito ku Harare ndi ku Bulawayo. Ngati m'banja mwanu munali wotero, kafufuzeni m'sutikesi yakale ija. Mwina mupezamo chithunzi cha m'situdiyo chimene tayi kapena duwa la pajekete anachita kupaka ndi dzanja.

Taonani kusiyana kwake. Akalewo ankaonjezera mtundu chifukwa kamera inalibe. Ife lero foni imatipatsa mitundu yonse, ndiye timachita kuichotsa. Wochotsa ayenera kudziwa chimene akuchotsera, ndipo akasiya mtundu umodzi ayenera kudziwa chimene wausiyira.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Mtundu umene mwausiya pachithunzi chakuda ndi choyera uli ngati chala choloza. Diso limathamangira pamene chalacho chaloza lisanaone china chilichonse, ndipo silichita kufunsa kaye. Tsono inu ojambula, mukuloza chiyani?

Mu 1993 Steven Spielberg anatulutsa filimu ya Schindler's List, yonena za kuphedwa kwa Ayuda pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Filimuyo imatenga maola opitirira atatu ndipo pafupifupi yonse ndi yakuda ndi yoyera. Koma pakati pa chipwirikiti mumzinda wa Kraków mukuoneka kamtsikana kovala chikhoti chofiira. Patapita nthawi, chikhoti chofiiracho chikuonekanso pangolo yonyamula mitembo. Mtunduwo unapatsidwa ntchito yolemera: pakati pa anthu miyandamiyanda, woonera agwire mmodzi ndi maso ndipo asamuiwale. Ndipo kufiirako kunali pathupi la munthu amene nkhani ikumunena, osati pakhoma kapena pagalimoto.

Tibwere nazo kwathu. Tiyerekeze kuti mukujambula agogo anu aakazi kwa Chilooko. Akhala pamphasa pakhonde, dzuwa lapendeka, kuwala kukulowa cham'mbali. M'masaya muli mphini zimene anatema ali namwali. Pachipumi pali makwinya, manja awo aunjika pamaondo, ndipo m'khosi muli mkanda wofiira umene sauvula ngakhale posamba. Kumbuyo kwawo kuli chigubu chachikasu, beseni labuluu, ndi thumba la feteleza la malemba obiriwira. Mukajambula ndi mitundu yonse, chigubu ndi beseni zilimbirana maso ndi agogo, ndipo zipambana ndi izo chifukwa n'zowala. Mukachotsa mitundu, katundu yenseyo abwerera kumbuyo kumene ayenera kukhala, mphini ndi makwinya n'kutulukira bwino lomwe.

Tsono mkanda uja. Aliyense m'banjamo amawadziwa agogo ndi mkandawo, ndipo uli pafupi ndi chibwano, moti diso likafika pamkanda lafika kale pankhope. Apa kusiya kufiira kuli ndi mutu. Koma mukasiya chikasu cha chigubu chifukwa choti n'chimene chinali chosavuta kuchidula, dziwani kuti mwajambula chigubu, agogo angopezekapo.

Za mkwatibwi uja nazo n'zomwezo. Maluwa ali m'munsi cha pamimba, kutali ndi nkhope, ndipo mwina ndi apulasitiki obwereka kwa okongoletsa holo. Mukawasiya ali psuu, woona chithunzi ayamba ndi maluwa, atsiriza ndi maluwa. Kuonjezera apo, khungu lotuwa likayandikana ndi mtundu wowala kwambiri limaoneka lozizira, lopanda moyo. Mtsikana anakonzekera tsikuli miyezi yambiri, ndiye inu mwam'bisa kuseri kwa maluwa obwereka.

Choncho musanasiye mtundu, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: kodi chinthuchi chikunenapo kanthu za munthuyu? Mpira wa mnyamata wosewera, tepi yoyezera ya telala, tomato wa mayi amene amalipirira ana sukulu ndi dimba, izi zimalankhula. Lachiwiri: kodi chili pafupi ndi nkhope, kapena chikulondolera maso kunkhope? Ngati chili pakona, chikukokera maso kunja. Lachitatu: kodi ndi chimodzi? Mukasiya mitundu itatu, mwaloza mbali zitatu nthawi imodzi. Yankho likakhala ayi pa funso limodzi lokha, sankhani chimodzi: chithunzi chonse chikhale cha mitundu, apo ayi chonse chikhale chakuda ndi choyera. Kusasakaniza nakonso ndi luso.

(NYIMBO)

Pali nthawi zina pamene mtundu ndiwo nkhani, ndipo kuuchotsa n'kunamiza anthu. Amayi a Chigwirizano mu sinodi ya Nkhoma amavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Amayi a Mothers' Union a mpingo wa Anglican amavala zoyera ndi zabuluu. Pachithunzi chakuda ndi choyera buluu wozama amada, ndiye mungapezeke mwawasamutsa mayi mpingo iwo osadziwa. Chimodzimodzi wa Maule ndi wa Manoma: chofiira cha Bullets ndi buluu wa Wanderers zingathe kutuluka zotuwa mofanana, ndipo mlandu wake simungauthe.

Kubwalo la Gule Wamkulu ndiye kumafunika kusamala koposa. Gule ameneyu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, amalankhula ndi mitundu. Gule wotchedwa Simoni amadziwika ndi nkhope yake yofiira. Mukaichotsa mtundu, mwachotsa mbali ya uthenga wake. Ndipo izi zisanafike n'komwe, chilombo sachijambula mwachisawawa. Yambani mwapempha kwa eni mzinda, ndipo akakana, foni ibwerere m'thumba.

Tsopano timve chimene chimachitika m'kati mwa foni. Ikamasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera, imangoyeza kuwala kwa kachigawo kalikonse. Njira yofala imatenga pafupifupi magawo 59 pa 100 kuchokera ku kubiriwira, magawo 30 ku kufiira, ndi magawo 11 okha ku buluu, potsanzira m'mene diso la munthu limaonera. N'chifukwa chake buluu amada msanga. N'chifukwa chakenso mitundu iwiri yosiyana kotheratu, ikakhala yowala mofanana, imatuluka yotuwa chimodzimodzi. Chitenje chofiira cha masamba obiriwira modera chingasanduke nsalu yopanda maluwa, mwini wake n'kudabwa kuti chitenje chake chija chapita kuti. Ngati mukufuna chithunzi chakuda ndi choyera, uzani wojambulidwa avale nsalu imene maluwa ake amasiyana ndi pansi pake pa kuda ndi kuyera, osati pa mtundu pokha.

Mapulogalamu ambiri a pafoni amakulolani kusankha sefa ya mtundu posandutsapo. Khungu lathu lili ndi kufiira kwambiri m'kati mwake. Mukasankha sefa yofiira, nkhope imawala ndi kusalala, thambo labuluu n'kuda. Mukasankha yobiriwira kapena yabuluu, khungu limadera ndipo mphini, ndevu ndi makwinya zimaoneka kwambiri. Kwa agogo aja, sefa yobiriwira ingathandize. Kwa khanda, yofiira pang'ono. Koma ndikuchenjezeni achinyamata: musayeretse munthu mpaka amayi ake omubala alephere kumuzindikira. Amene wabwera kudzajambulitsa ndi wakuda wokongola, m'bwezereni ali wakuda wokongola.

Nkhani ya khungu lakuda ndi kamera ili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, kuti aziyezera makina awo. Makina akakhoza khungu la mayiyo, ankati zonse zili bwino. Khadi lokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Mafoni a lero asintha kwambiri, koma vuto limodzi lidakalipo: kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kupeza pakatikati. Mukaimika munthu wakuda kutsogolo kwa khoma la laimu loyera mbee masana dzuwa lili paliwombo, kamera ichepetsa kuwala kuti khoma lioneke bwino, nkhope n'kusanduka mdima wokhawokha.

Mankhwala ake ndi osavuta. M'chotseni munthu padzuwa, mumuike pamthunzi wa khonde kapena pakhomo, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Dinani pankhope yake pagalasi la foni kuti kamera iyezere pamenepo, ndipo ngati padakali mdima, kwezani pang'ono kachizindikiro kadzuwa kamene kaoneka pagalasipo. Mwana aime pambali atatambasula nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa, kuti kuwala kubwerere kutsaya limene lili mumdima. Yang'anani m'maso mwa wojambulidwayo. Mukaona kadontho kowala m'diso lililonse, dinani. Chithunzi chakuda ndi choyera chilibe mtundu wobisira zolakwa, chimaima pa kuwala kokha. Mukaphonya kuwala, palibe pulogalamu imene ingakupulumutseni.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Amene muli ndi pensulo, lembani tsopano. Nthawi zonse jambulani ndi mitundu yonse, ndipo chithunzi choyambacho muchisunge. Kuchotsa mtundu n'kosavuta, koma foni ikasunga chithunzi chopanda mtundu, mtundu weniweniwo wapita.

Titenge pulogalamu yaulere ya Snapseed. Tsegulani chithunzi, pitani pa Tools, sankhani Black and White, sankhani sefa imene ikukomera nkhope, n'kuvomereza. Chithunzi chonse chatuwa. Kenaka dinani kachizindikiro ka timapepala tosanjikizana kamene kali pamwamba, sankhani View edits, dinani pa Black and White, n'kusankha kaburashi. Apa ndi pamene mumauza foni malo oti pakhale potuwa ndi malo oti pabwerere mtundu. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri mpaka mkanda uja udzaze galasi, ndipo tsatani m'mphepete mwake pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yothamangira imaonekera m'mphepete: kufiira kumatayikira pakhosi, kapena timikanda tina timatsala totuwa. Mukamaliza, chepetsani mphamvu ya mtundu mwausiyawo. Pakati pa zotuwa, mtundu umaoneka wowala kuposa m'mene unalili, choncho ngakhale mutautsitsa ndithu udzaonekabe. Pomaliza sungani ngati chithunzi chatsopano, choyamba chija chisafufutike.

Potumiza kokatsukitsa, musatumize pa WhatsApp mwachizolowezi, chifukwa imachepetsa chithunzi. Tumizani ngati Document, kapena pitani ndi memori khadi. Chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6 chimafuna madontho 1,200 kwa 1,800 kuti chituluke chakuthwa. Makina ena otsukira mitundu amatulutsa zotuwa zopendekera ku kubiriwira kapena ku kufiira, choncho yambani mwatsukitsa kakang'ono kamodzi muone, musanalipire chachikulu cha mufulemu.

Koma omvera, kusakaniza kokoma kwambiri sikuchitikira m'foni. Kumachitika musanadine. Ndipo kuno kumapiri tili ndi mwayi umene anzathu a m'tauni amachita kuulipira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, m'mawa, nkhungu imakuta nkhalango ya Ntchisi ndi zitunda za ku Dowa. Mitengo, miyala ndi thambo zonse zimatuwa zokha. Muimikeni mwana wovala juzi lofiira panjira nthawi imeneyo, mwapeza chithunzi cha mtundu umodzi popanda kufufuta kalikonse, ndipo khungu lake likhalabe ndi moyo wake. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa lupsa ndi fumbi zimafewetsa mapiri akutali, pamene mitengo ya tsamba ndi mombo ikuphuka masamba ofiirira. Apa mtundu uli kale m'chilengedwe, inu ntchito yanu n'kusankha poima.

Lowaninso m'chigafa nthawi yokolola fodya. Masamba alendewera pamikangala, onse ofiirira modera. Nsichi n'zamtundu womwewo, dothi lapansi chimodzimodzi, ndipo kuwala kukulowa chopingasa chifukwa m'mbali mulibe khoma. Mlimi waima pakati, malaya ake oyera atha mtundu ndi thukuta, wanyamula tsamba limodzi akuliunika ngati lauma bwino. Chithunzi chimenecho musachikhudze. Mitundu yake yagwirizana kale, ndipo palibe chimene chikulanda maso kunkhope ya mwini fodya.

Akatswiri a ku Mali anatisiyira phunziro lina. Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ndipo ankajambula anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu yamaluwa kumbuyo. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, koma mizere ndi maluwa a nsalu zimadzaza malo a mtundu moti suusowa. Mnzake Malick Sidibé, wa mumzinda womwewo, analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007 chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Zipangizo zawo zinali zochepa. Chitenje, mpando ndi bwalo muli nazo inunso.

(NYIMBO)

Njira ina yosakanizira ndi ya pakhoma ndi mu alubamu. Chithunzi cha agogo chakuda ndi choyera chikhoza kukhala pambali pa cha mdzukulu cha mitundu, ndipo ziwirizo zimakometsana. Zipatseni mafulemu ofanana, ndipo maso a anthuwo akhale pamzere umodzi. Pa ukwati mungachite chimodzimodzi: kuvina, zovala za aperekezi ndi perekaniperekani zikhale za mitundu, koma pamene mayi akulangiza mwana wawo, kapena pamene ankhoswe agwirana chanza, yesani chakuda ndi choyera.

Dziwaninso kuti zithunzi sizikalamba mofanana. Zambiri za mitundu za m'ma 1970 ndi 1980 zafiirira kapena zachita chikasu, chifukwa utoto wake umafwifwa ndi dzuwa ndi kutentha, pamene zakuda ndi zoyera zotsukidwa bwino zimapirira zaka zambiri. Musapachike chithunzi pamene dzuwa limaomba tsiku ndi tsiku, kapena pafupi ndi utsi wa kukhitchini. M'dzinja chinyontho chimamatiriza chithunzi kugalasi, choncho pakhale kampata pakati pa ziwirizo.

Ena mwafunsapo za mapulogalamu amene amapaka mitundu pazithunzi zakale. Kuyesa sikoletsedwa, koma dziwani kuti kompyuta imangolota. Sinaone diresi ya agogo anu. Ikhoza kuwaveka buluu pamene ankavala chofiira, ndipo kawirikawiri imasokoneza khungu. Mukapanga chotere, sungani chenichenicho, ndipo auzeni ana kuti mitunduyi ndi yongoyerekeza. Zithunzi za pa ziphaso ndiye musaziseweretse n'komwe. Cha pasipoti ndi cha pa fomu iliyonse ya boma chitsate zimene ofesiyo yalamula, popanda sefa kapena kukongoletsa.

Mawu otsiriza akhale a ulemu. Nkhope ndi ya mwini wake. Musanaike chithunzi cha munthu pa Facebook, m'funseni, ndipo m'muonetse m'mene mwachisinthira. Mwana wa eni musam'jambule makolo ake asanavomere. Mukapita ku Dzaleka, kumene kwakhala anthu othawa kwawo kuyambira 1994 ndipo kumachitika chikondwerero cha Tumaini chimene chinayamba mu 2014, kumbukirani kuti ena mwa anzathuwo ali ndi zifukwa zazikulu zosafunira kuti nkhope zawo zizungulire pa intaneti. Pojambula m'bale wathu wachialubino, m'pezereni mthunzi ndipo zimitsani fulashi, chifukwa kuwala kwamphamvu kumam'pweteka m'maso, komanso musaonetse kumene amakhala.

Nayi ntchito ya sabata ino. Pezani munthu mmodzi wapakhomo panu amene wavomera. M'jambuleni pamthunzi wa khonde m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Pachithunzi chimodzicho pangani zitatu: cha mitundu yonse, chakuda ndi choyera chokhachokha, ndi chosiya mtundu pa chinthu chimodzi. Kenaka onetsani zitatuzo kwa munthu amene sanalipo, chimodzichimodzi, ndipo m'funseni kuti, mwayamba kuona chiyani? Akatchula munthuyo, mwakhoza. Akatchula chipewa kapena nsapato, bwererani mukayesenso.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kujambula gulu la anthu ambiri, monga pa chinkhoswe kapena pa msonkhano wa kalabu ya alimi, kuti wa kumbuyo asabisike ndipo wa kutsogolo asatsinzine.

(NYIMBO YOTSEKERA IKWERE MPAKA KUMAPETO)